Makina Osokera a Nangozo

Kalekale, koma osati kale loti anthu ake onse anatha, kunali mayi wina dzina lake Nangozo. Anali telala. Makina ake opondaponda ankakhala pakhonde la sitolo ina pamsika, ndipo mayunifolomu a ana asukulu a m'dera lonselo ankatuluka pansi pa singano yake. Anali ndi ana atatu. Woyamba anali mtsikana, Ndaziona. Wachiwiri anali mnyamata, Mtisunge. Mzime anali mtsikana, Akuzike.

Mwamuna wake atamwalira mwadzidzidzi, Nangozo anadwala matenda a maganizo. Anasiya kudya, ankasoka zovala zopanda mwini, ankayankhula ndi malemuyo pamaso pa makasitomala. Abale anamutengera kuchipatala china chachikulu, kumene wodi ya odwala maganizo inali kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa nyumba yochapira zovala. Tsiku lachiwiri anayesa kutuluka kuti akaone ana ake. Bambo wina wothandiza anamwino anamugwira, anang'amba nsalu yoyala pabedi, ndipo anamumangirira manja kuzitsulo za bedilo. Linali Lachisanu. Anadzamumasula Lolemba.

Maganizo ake anachira ndi mankhwala. Dzanja lamanja silinachire. Nsalu ija inali italowa m'mnofu, magazi anasiya kuyenda, zala zinapindika osawongokanso. Abale atapita kukadandaula, anauzidwa kuti fayilo ya wodwalayo yasowa, ndipo buku losonyeza amene ankagwira ntchito masiku amenewo linadyedwa ndi chiswe. Nangozo mwiniwake sankadziwa dzina la munthuyo, nkhope yake ankangoikumbukira mwachimbuuzi. Chimene anasunga bwino ndi mawu amene munthuyo ananena atamaliza kumanga mfundo yomaliza: "Gonani bwino, alendo anga."

Atabwerera kunyumba, Nangozo anavundikira makina ake ndi chitenje chakuda, naitana ana ake.

"Makina awa ndi amene akulerani," anatero. "Sindidzawagulitsa, ngakhale tigone ndi njala. Ndidzawapereka kwa mwana amene adzandibwezere chipongwe chimenechi. Sindikufuna magazi a munthu. Ndikufuna munthu ameneyo adziwe kuti dzanja ili linali ndi mwini wake."

Nthawi imeneyo Ndaziona anali ndi zaka khumi ndi zinayi, Mtisunge khumi ndi chimodzi, Akuzike zisanu ndi chimodzi. Anakula ndi thandizo la amalume awo, ndipo m'mawa uliwonse mmodzi wa iwo ankamanga duku pamutu pa mayi wawo, chifukwa duku silimangika ndi dzanja limodzi.

Ndaziona anasankha njira ya sukulu. Anafika ku yunivesite, anatenga digiri yoyamba, kenako yachiwiri, ndipo anakhala wofufuza. Anzake ankathamangira kafukufuku wa malungo ndi wa uchembere, komwe magalimoto anali ambiri. Iye anasankha kufufuza chisamaliro chimene odwala maganizo amalandira m'zipatala. Ankawerenga mabedi ndi odwala, ankaona mankhwala amene atha m'kabati, ankayeza nthawi imene wodwala amadikira asanaonane ndi dokotala. Pulofesa amene ankamuyang'anira ankamuyamikira kuti ndi wodekha ndiponso amadziwa kumvetsera. Sankadziwa kuti mtsikanayo akutchera khutu kuti amve mawu anayi okha.

Kafukufuku wotere ali ndi mwambo wake. Usanafunse munthu chilichonse, umamuwerengera fomu yolonjeza kuti dzina lake silidzatchulidwa kwina kulikonse. Iye amasaina, iwenso umasaina. Kuyambira pamenepo munthuyo salinso ndi dzina, ali ndi nambala basi. Popanda lonjezo limeneli palibe wogwira ntchito m'chipatala amene anganene zoona.

Pa kafukufuku wa digiri yake yaudokotala, Ndaziona anafika pachipatala chija. Wofunsidwa wa nambala 27 anali bambo wa imvi, dzina lake Matewere, amene anali atatsala pang'ono kupuma pantchito.

"Ndiye mukuti ngakhale abwana sadzadziwa?" anafunsa Matewere atamva fomu ija.

"Ngakhale abwana."

"Ngakhale atakupanikizani?"

"Ndasaina apa, bambo. Onani."

Matewere anakhazikika pampando. Anali munthu wokonda kucheza.

"Mwana wanga, anthu amatinena koma sadziwa. Odwala makumi anayi, wothandiza ndekha, jakisoni watha. Ungatani? Umang'amba nsalu. Kale kunabwera mayi wina, telala. Ndinamumanga Lachisanu, Loweruka ndinathamangira kumaliro a mlamu wanga, ndiye mnzanga wolowa m'malo anaopa kumumasula. Mapazi ake ankangopondaponda ngati ali pamakina. Tinkaseka, ndinene zoona. Ndinamuuza kuti, gonani bwino alendo anga. Onse ndinkawauza choncho."

"Nanga dzanja lake linatha bwanji?"

"Aa, ndani amatsata zimenezo? Akatuluka, atuluka."

Panali patatsala mafunso asanu ndi anayi. Ndaziona anawafunsa onse. Anathokoza, anazimitsa chojambulira mawu, ndipo anamupatsa banzi ndi chakumwa, monga ankachitira ndi wofunsidwa aliyense.

Lipoti litatuluka, anapita nalo kwa mayi ake, nawawerengera tsamba lokhala ndi mawu a nambala 27 ana onse alipo.

"Ndi yemweyo," anatero Nangozo. "Dzina lake ndani?"

"Amayi, sindinganene. Ndinasaina."

"Unasaina ndi iye. Nanga ndi ine unasaina chiyani?"

Ndaziona anatseka lipotilo. Koma kubwezera kwake anali atakonza kale. Tsiku lokafotokoza zotsatira za kafukufuku pachipatala chija, ogwira ntchito onse anasonkhana m'holo, Matewere ali pamzere wachiwiri. Ndaziona anawerenga mawu a nambala 27 onse, osadumpha ngakhale pa kuseka paja. Anawerenga kawiri, pang'onopang'ono. Kenako anati, "Wofunsidwayu ananena kuti palibe amene amatsata. Ife tinatsata. Dzanja la mayi ameneyu linafa, ndipo anali ndi ana atatu." Ponena zimenezi maso ake anadutsa m'holo monse, naima pa munthu mmodzi kwa kamphindi kochepa, koti wina aliyense sakanazindikira. Matewere anazindikira.

Akuluakulu a chipatalacho anachita manyazi. Analetsa kumanga odwala ndi nsalu zong'amba. Analamula kuti wodwala akagwidwa chifukwa choopsa, namwino azimuona manja mphindi khumi ndi zisanu zilizonse ndi kulemba papepala. Ndaziona analoledwa kupitiriza kafukufukuyo m'zipatala zina zisanu ndi chimodzi. Koma Matewere anapitiriza kubwera kuntchito ndi njinga yake, ndipo chitenje chakuda chinakhalabe pamakina.

Mtisunge sanapite patali ndi sukulu. Anali dalaivala, ndipo mlongo wake ndi amene anamupezera ntchito yoyendetsa galimoto ya kafukufuku uja. Masiku onse ofunsa anthu ankadikira panja, pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi chitseko. Ankaona aliyense wolowa ndi wotuluka. Tsiku lina anaona bambo wa imvi akutuluka akudya banzi, akuimba mluzu. Patapita nthawi mlongo wake anatuluka, anapita pampopi, nasamba m'manja nthawi yaitali ngati wagwira chinthu chonunkha.

Choncho tsamba lija litawerengedwa kunyumba, Mtisunge sanafunikire kuuzidwa. Anapita pachipatala, anacheza ndi mlonda wa pageti za mpira, ndipo anabwerako ndi dzina. Anadikira miyezi iwiri kuti aone ngati mlongo wake angachitepo kanthu. Kenako analembera kalata akuluakulu a chipatala, ndipo tsiku lomwelo anaimba foni ku pulogalamu ina ya pawailesi imene anthu amanenako madandaulo awo.

"Dzina langa ndine Mtisunge, mwana wa telala amene ali m'lipoti muja," anatero dziko lonse likumva. "Nambala 27 si nambala ayi. Ndi munthu, amadya, amakwera njinga yakuda. Dzina lake ndi Matewere."

Sabata isanathe, anthu ena amene abale awo anadutsa m'wodi ija anayamba kuimbanso mafoni. Matewere anachotsedwa ntchito. Anatulutsidwa m'nyumba ya chipatala. Kutchalitchi anamuchotsa paudindo, pamsika amayi ankabisa manja kumbuyo akamuona, uku akuseka. Anabwerera kumudzi kwawo osatsanzika munthu.

Koma nkhaniyo inafikanso ku komiti ya yunivesite imene imaonetsetsa kuti ofufuza akusunga malonjezo awo. Anamuitana Ndaziona. Anamufunsa chifukwa chimene sanaululire kuti mayi ake anagonapo m'wodi imene ankafufuza, ndiponso chifukwa chimene anaikira mchimwene wake pakhomo. Kafukufuku wa m'zipatala zisanu ndi chimodzi anaimitsidwa. Digiri yaudokotala inaimitsidwa. Anamwino amene anali atavomera kale kufunsidwa anatumiza uthenga kuti asintha maganizo.

Ndaziona anamupeza mchimwene wake akutsuka galimoto ya munthu wina.

"Wandiphera zaka khumi ndi ziwiri, Mtisunge."

"Zaka khumi ndi ziwiri, achemwali, kuti mumupatse nambala ndi banzi?"

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza ndinu. Ine fomu imene ndinasaina ndi ya galimoto: osanyamula matola, osamwa mowa. Za Matewere munalibe."

Nangozo anamva pulogalamu ija pawailesi yake yaing'ono, ndipo anaseka kuseka kumene ana ake anali asanamve kuchokera tsiku la maliro a bambo wawo. Koma atatha kuseka anafunsa, "Nanga mwiniwakeyo wati chiyani?" Mtisunge anati munthuyo wathawa. Nangozo anayang'ana dzanja lake, ndipo chitenje chakuda chinakhalabe pamakina.

Akuzike anali wosayankhulayankhula kuyambira ali mwana. Anaphunzira unamwino, anawonjezera maphunziro a matenda a maganizo, ndipo atamaliza anapempha yekha kuti amutumize ku wodi ija, kumene anzake ankakana kupita. Anafika Matewere atachoka kale.

Patapita chaka, m'mawa wina, abale anabweretsa wodwala pa galimoto yonyamula chimanga. Anali atamumanga manja ndi chingwe cha mbuzi. Anati anasiya kudya, amatseka makutu, amanena kuti wailesi ikumutchula dzina ngakhale ili yozimitsa. Ndevu zinali zitamera, thupi litatha, koma namwino wina wakale pawodipo anamuzindikira.

"Sisita, ndi Matewere uja," ananong'ona. "Musiyeni kaye choncho mpaka madzulo. Pepala lija ndi kungochonga, ndani angakufunseni?"

Akuzike anatenga sizasi, nadula chingwecho yekha. Anamusambitsa mabala a m'manja. Anamupatsa mankhwala oyenera pa nthawi yake, anamumwetsa phala ndi supuni, anamupezera bulangeti. Masabata atatu sananene kanthu, chifukwa munthuyo sakanamva. Anadikira kuti mankhwala agwire ntchito. Tsiku limene Matewere anafunsa yekha kuti lero ndi lachingati, Akuzike anadziwa kuti nthawi yakwana.

Anamugwira dzanja lamanja, analitembenuza, anasisita pamene chingwe chinadya.

"Magazi akuyenda bwino, bambo," anatero mofatsa. "Zala zonse zikugwira. Ine ndine mwana wa telala uja, mzime. Mwadya?"

Kuyambira tsiku limenelo ankachita chimodzimodzi pa ulendo uliwonse woona odwala. Ankagwira dzanjalo, ankaliyang'ana bwinobwino, ankanena kuti magazi akuyenda, ndipo ankafunsa ngati wadya. Sanamukalipire. Sanamumane kanthu. Matewere ankatembenukira kukhoma, ankapempha namwino wina, ankalira. Akuzike ankamupukuta misozi, nabweranso pa nthawi yake.

Tsiku lotulutsidwa, Matewere anakhala pabedi atanyamula kathumba kake.

"Mayi anu ali moyo?"

"Ali moyo."

"Munganditengereko?"

Anafika Loweruka m'mawa, ana onse atatu alipo. Nangozo anali pampando pakhonde. Matewere anagwada pabwalo, pafumbi. Nangozo anatulutsa dzanja lija m'chitenje, naliika pabondo, kuti aliyang'ane. Analiyang'ana.

"Ndinali ine, mayi," anatero. "Ndinakumangani ngati chiweto, ndinapita kumaliro, ndinaseka mapazi anu."

Nangozo anavula duku lake ndi dzanja lamanzere, namuponyera.

"Zaka makumi awiri ana anga akundimanga duku m'mawa uliwonse. Paja inu ndinu katswiri womanga. Tandimangani."

Matewere anadzuka, anapita kumbuyo kwa mpando. Anayesa koyamba, duku linatsetsereka. Anayesa kachiwiri, linagwera paphewa. Kachitatu linagwa pansi, ndipo iye anangoima, manja ali m'malere. Palibe amene anamuthandiza.

"Basi," anatero Nangozo. "Ndamva zimene mwanena. Sindinakukhululukireni, musachoke pano mukuganiza choncho. Pitani bwino, alendo anga."

Matewere atazimiririka panjira, Nangozo analowa m'nyumba, nachotsa chitenje chakuda pamakina. Fumbi linabuka. Anaponda ndi phazi, ndipo gudumu linazungulira, likulira pang'ono chifukwa chosowa mafuta.

"Ndinalonjeza," anatero. "Makinawa ndi amodzi, ndipo sadulidwa patatu. Nenani."

Ndaziona anayamba. "Amayi, munthu uja anali atasowa ngati buku lodyedwa ndi chiswe lija. Amene anamufukula ndine. Popanda ine, Mtisunge akanatchula dzina la ndani? Lamulo limene Akuzike anadulira chingwe linachokera m'lipoti langa. Ndipo pa atatufe, amene wataya zonse ndine."

"Mwataya chifukwa munkafuna zonse ziwiri," anatero Mtisunge. "Kubwezera munkakufuna, digiri munkaifunanso. Mukanasiyidwa nokha, bwenzi lero Matewere akudya penshoni, akufotokozera adzukulu ake za telala wopondaponda. Munamuyang'ana m'holo, akuti. Kuyang'ana kumapweteka ndani? Amene anamugwetsa ndine."

"Unagwetsa munthu mmodzi," anatero Ndaziona. "M'zipatala zisanu ndi chimodzi zija nsalu zikung'ambidwabe, ndipo palibe amene adzauzenso wofufuza zoona. Manja amene afe kumeneko ndi ako."

Akuzike anali atatola duku lija, akulikutumula fumbi. Anayankhula osakweza mutu.

"Amayi sanapemphe lipoti, sanapemphenso wailesi. Anati munthuyo adziwe kuti dzanja linali ndi mwini wake. Inu asisi munamupeza n'kumubisa. Inu achimwene munamuthamangitsira kutchire. Amene wamubweretsa pakhomo pano, ali ndi nzeru zake zonse, ndine."

"Wamubweretsa chifukwa ine ndinamugwetsera pabedi lako," anatero Mtisunge.

"Ndipo usadziyese woyera," anatero Ndaziona. "Anali wodwala wako. Sakanatha kuthawa, iwe n'kumamubaya ndi mawu tsiku ndi tsiku, ndi yunifolomu yoyera. Ndikanakhala kuti ndikufufuzabe, iwe ukanakhala nambala 28."

"Ndikanasaina," anatero Akuzike. "Paja inu simuulula."

Nangozo anawamvetsera onse. Anayang'ana woyamba, amene anasunga lonjezo lake kwa mdani n'kukana kuyankha mayi ake. Anayang'ana wachiwiri, amene anatchula dzina n'kupha ntchito ya mlongo wake. Anayang'ana wachitatu, amene anachiza munthu kuti amve bwino ululu. Kenako anaweramitsa mutu kuti amumange duku, ndipo manja asanu ndi limodzi anatambasuka nthawi imodzi.

Makina aja akadali pakona mpaka lero, osavundikira, ndipo Nangozo sananenebe. Ndaziona anapeza munthuyo, Mtisunge anamugwetsa, Akuzike anamugwaditsa, ndipo aliyense anathyola chinachake pochita zimenezo. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mukanakhala pampando wa Nangozo, makinawo mukanapatsa ndani?